Mukufuna kukasapota mpira kunja? Musaphe agogo

Amene anaonera pa kanema Flames ikuswa Zimbabwe 2-1 ku Bafoussam, m'dziko la Cameroon, mu Januwale 2022, kenako Gabadinho Mhango n'kumwetsa Morocco chigoli chija chochokera kutali, akudziwa kaduka kamene kamagwira munthu poona anzake ali m'bwalo momwemo, nkhope atapaka utoto wa mbendera, mawu atasasa. Mpikisano wa AFCON wa 2027 udzachitikira ku Kenya, Tanzania ndi Uganda, ndipo kwa munthu wa ku Ruarwe, Tanzania ndi kutsidya kwa nyanja yomweyi. Ena sakudikira n'komwe 2027, akufuna akaone Simba ndi Yanga zikuswana pa bwalo la Benjamin Mkapa ku Dar es Salaam, lomwe mumalowa anthu 60,000. Pitani ndithu, achimwene, koma pobwera mudzapeze ntchito ikadali yanu.

Poyamba werengani masiku a ulendo, osati a mpira. Mpira ndi mphindi 90 basi. Chovuta n'kutuluka mu Ruarwe. Sitima ya Ilala imaima pano kamodzi pa sabata popita kumpoto ndi kamodzi pobwerera, ndipo nthawi zina imakhala ili kokonzedwa. Mukaiphonya, mudikire boti kapena muyende wapansi mpaka ku Usisya. Kuchoka apo pali Mzuzu, Karonga, chipata cha Songwe, Mbeya, kenako basi ya tsiku lathunthu yopita ku Dar es Salaam. Pobwera njira ndi yomweyo, ndipo ngati ndi miyezi ya mwera, Juni ndi Julayi, mukadzera ku Nkhata Bay nyanja ikhoza kukutsekerani kumeneko masiku angapo. Wopempha masiku 4 pa ulendo wotere wayamba kale kujomba.

Ngati munalembedwa ntchito, kaya pamalo ogona alendo kapena kwina, lamulo la ntchito la 2000 limakupatsani tchuthi cholipidwa chaka chilichonse: masiku 18 kwa wogwira masiku 6 pa sabata, masiku 15 kwa wogwira masiku 5. Tchuthicho n'chanu, koma nthawi yopitira mumagwirizana ndi abwana. Ndiye pemphani kudakali miyezi iwiri kapena itatu, molemba kalata, ndipo mutchule mnzanu amene wavomera kukugwirirani ntchito. Abwana ambiri sakana mpira ayi. Amakana kudzidzimutsidwa alendo atadzaza m'zipinda.

Tsopano za agogo. Bodza lotchuka popempha tchuthi ndi lakuti agogo amwalira, kwagwa maliro kumudzi. Ku Lilongwe mwina lingadutse. Kuno? Abwana anu amapemphera mpingo umodzi ndi agogowo, kapena akazi awo amagula usipa kwa azakhali anu. Ndiye pali foni. Inu mukhoza kudziletsa, koma mnzanu amene mwakhala naye pa bwalo adzakujambulani mukuvina ndi vuvuzela n'kuponya pa Facebook, ndipo chithunzicho chidzafika ku gombe inu musanafike pa Songwe. Choipa kwambiri n'chakuti tsiku limene maliro enieni adzagwe, adzakufunsani mafunso amene munthu woferedwa sayenera kufunsidwa.

Alovi, kapena kuti asodzi, nkhani yawo ndi ina. Pa ukonde wa chilimira palibe kalata ya tchuthi, pali mwezi. Usipa umaphedwa ndi nyali nthawi ya mdima, ndipo mlovi akasowa masiku amenewo, mwini ukonde amangoikapo wina. Yang'anani tsiku la mpira, muone ngati likugwera masiku amene mwezi ukuwala, ukonde ukupuma. Ngati likugwera pa mdima, kambiranani ndi mwini ukonde pamaso pa anzanu, mumupezere munthu wogwirizira, kuti aliyense amve zoti malowo ndi anu.

Ndalama za ulendo musatape kwa abwana ngati malipiro a mtsogolo. Mwezi wotsatira mudzagwira ntchito mulibe cholandira, ndipo munthu wotero amayamba kuona zolakwa za abwana zokhazokha. Yambani kusunga panopa ku banki m'khonde, ndipo pasipoti muikonzeretu musanalonjeze anzanu kuti mupita nawo.

Tsiku lobwerera limene mwalemba m'kalata likhale loti mudzalikwanitsa ngakhale boti litakana. Onjezanipo masiku awiri, ndipo mukafika msanga kayambeni ntchito osadikira kuti tsikulo likwane.