Dzina Latsogola, Chinthu Sichinafike: Nkhani ya Hydrino

Mu chimangirizo chino ndikufuna kuunika mawu awiri a fizikisi omwe amakopa anthu olota magetsi osatha, hydrino ndi zero-point energy. Ndikuwaona ndi diso la wophunzira zachiyankhulo, pakuti m'maganizo mwanga chikoka chawo chagona pa kamvekedwe kuposa pa umboni.

Tiyambe ndi atomu ya haidrojeni. Ili ndi pulotoni imodzi pakati ndi elekitironi imodzi kunja. Mu 1913 Niels Bohr adalongosola kuti elekitironiyo imakhala pa masitepe odziwika, ngati a makwerero, ndipo sitepe yotsikitsitsa ili pa -13.6 eV. Pansi pake palibe ina. Koma mu 1991 Randell Mills wa ku America, yemwe adaphunzira udokotala ku Harvard, adati alipo masitepe ena, a 1/2, 1/3 mpaka m'munsi. Akuti elekitironi ikatsikirako atomu imafota, n'kutulutsa mphamvu yoposa kwambiri ya haidrojeni woyaka. Atomu yofotayo adaitcha hydrino.

Dzinali ndi laluso. Mphatikiri -ino ndi wa Chitaliyana ndipo amachepetsa chinthu, monga achitira ka- m'Chichewa. Ife tikadati kahaidrojeni. Koma khutu likamva hydrino limakumbuka neutrino, ndipo dzina latsopanolo limabwereka ulemu wa lakalelo popanda kupempha. Chochititsa chidwi n'chakuti neutrino nayonso idalandira dzina isanaoneke. Wolfgang Pauli adaiganizira mu 1930, Enrico Fermi adafalitsa dzinalo, ndipo Clyde Cowan ndi Frederick Reines adadzaipeza mu 1956. Choncho kutcha dzina msanga si mlandu. Kusiyana kuli apa: neutrino idagwirizana ndi masamu, kenaka ena adaigwira. Hydrino yadutsa zaka 30 akatswiri a fizikisi osaivomereza, ndipo mu 2005 Andreas Rathke adaonetsa mu New Journal of Physics kuti masamu a Mills amadzitsutsa okha. Kampani ya Mills yasintha maina, kuchoka pa HydroCatalysis kupita pa BlackLight Power, kenaka Brilliant Light Power. Anthu aikamo madola mamiliyoni ochuluka, koma makina olonjezedwawo sadafike m'nyumba za anthu.

Mawu achiwiri ndi ovutirapo chifukwa chinthucho chilipodi. Max Planck adachiyambitsa mu 1911: ngakhale kuzizire kufika pa -273.15 °C, tinthu ta m'chilengedwe sitikhala chete kotheratu. N'chifukwa chake helium saundana pokhapokha atapanikizidwa kwambiri. Mu 1948 Hendrik Casimir adalosera kuti timalata tiwiri toyandikana zedi m'malo opanda mpweya tidzakokana, ndipo Steve Lamoreaux adayeza kukokanako mu 1997.

Nanga msampha uli pati? Uli pa liwu loti energy. Munthu wamba akalimva amaganiza za mafuta oti atunge. Kwa wafizikisi, zero-point energy ndi mlingo wotsikitsitsa womwe chinthu chingakhale nawo. Madzi amazunguza makina a magetsi pamene akugwa kuchokera pamwamba. Akafika pansi penipeni pa chigwa alipobe, ambirinso, koma alibe kogwera.

Apa mpomwe nkhani ziwirizi zikumanirana. Mu 1987 Harold Puthoff adalemba kuti mwina chomwe chimaletsa elekitironi kugwera pa pulotoni ndi kugwedezeka kwa zero-point komweku. Ena adapitiriza ganizolo: tikachepetsa kugwedezekako pakati pa timalata ta Casimir, atomu yodutsapo ingafote n'kutaya mphamvu. Bernard Haisch ndi Garret Moddel adalandira patenti ya makina otere mu 2008. Ndikawerenga zolemba zotamanda ganizoli ndimayang'ana aneni. Ndime imayamba ndi "ingathe", pakati n'kukhala "iyenera", pofika kumapeto yasanduka "imatero", chonsecho pakatipo palibe chomwe chayezedwa.