Phunziro la Zapakhomo: Poika Wailesi ya Kanema

Cholinga: Kuti mayi aliyense adziwe kusankha tebulo kapena sitandi yoyenera kukula ndi kulemera kwa TV yake.

Amayi, TV timagula movutikira, koma poiika ambiri timangotenga katebulo kalikonse kamene kali pafupi. Mwana wongoyamba kuyenda amagwira chilichonse kuti aimirire. Akakoka nthambo kapena kukwera madirowa, TV imamugwera pamutu kapena pachifuwa, ndipo ana ena amwalira nayo ngozi yotereyi.

1. Yezani kaye

Nambala yolembedwa pakatoni, monga 32 kapena 43, ndi mainchesi oyezedwa mopingasa, kuchokera pangodya yam'munsi kufika pangodya yam'mwamba ya mbali inayo. Kuchokera kumanzere kufika kumanja, TV ya mainchesi 32 imatalika pafupifupi masentimita 73, ya 43 pafupifupi 97, ya 55 pafupifupi 123. Sitandi ikhale yotalika kuposa TV, potsale malo mbali zonse ziwiri. Onaninso miyendo: ma TV ambiri opyapyala ali ndi miyendo iwiri kumapeto, ndipo yonse iyenera kuponda bwino, osati m'mphepete mwa thabwa.

2. Dziwani kulemera kwake

TV yakale ija yachimimba kumbuyo, ya mainchesi 21, imalemera makilogalamu 20 kapena kuposerapo, ndipo kulemerako kuli kutsogolo chifukwa cha galasi lochindikala. N'chifukwa chake imagwera kutsogolo, kumene kwaima mwana. Yopyapyala ya mainchesi 32 imalemera pafupifupi makilogalamu 5, koma sichedwa kupendekeka. Kulemera kumalembedwa pakatoni kapena m'kabuku kake. Muuzeni kalipentala nambala imeneyi, muphatikizepo dikoda ndi masipika.

3. Onani sitandiyo

Ikhale yaifupi ndi yotambalala pansi, kuti mukakhala pampando maso anu alunjike pakati pa galasi. Igwedezeni ndi dzanja. Ikatekeseka, si yabwino. Matabwa opangidwa ndi utuchi amafufuma akamanyowa pokolopa, ndipo chiswe chimadya miyendo mkati kunja kukuoneka bwino. Kabati yaitali ya madirowa si poika TV, chifukwa kwa mwana madirowa ndi makwerero. Izi zimachitika kawirikawiri tikagula yatsopano n'kusamutsira yakale kuchipinda.

4. Imangireni

Kumbuyo kwa TV yopyapyala kuli mabowo anayi omangirapo. Mmisiri angathe kumangapo malamba olimba ndi kuwakhomera kukhoma, kapena kupachika TV yonse pachitsulo cholingana ndi mabowowo ndi kulemera kwake. Khoma la zidina zosaotcha si lodalirika popachikapo TV. Pamenepo ndi bwino sitandi yaifupi. Nthambo zibisike kumbuyo. Rimoti, maswiti ndi zidole musaziike pamwamba.

Ngozi ikachitika mwana n'kumenyeka kumutu, thamangirani naye kuchipatala ngakhale akuoneka bwino, makamaka akamasanza kapena kuwodzera modabwitsa.

Mafunso okambirana

a) Kodi kwathu TV ili pa chiyani, ndipo ndani anayeza?
b) Nanga adzukulu akabwera kudzacheza, timasintha chiyani m'nyumba?
c) Tingalankhule bwanji ndi bambo akunyumba kuti ndalama ya sitandi ikhalepo pogula TV?

Ntchito ya sabata ino

Mayi aliyense ayeze TV ndi sitandi yake ndi tepi yosokera, alembe manambala, ndipo adzabwere nawo pamsonkhano wotsatira kuti tidzathandizane nzeru.