MITENGO YOBWEZA CONDE M'MUNDA

Alimi ambiri a ku Madzimoyo ndi midzi ina yozungulira Chipata adandaula kuti minda yao yaguga. Cimanga cimera cacikasu, cibereka tizitsononkho, ndipo kaufiti acuruka caka ndi caka. Makolo athu munda ukatere anali kuugoneka zaka zambiri nakatema mphanje kwina. Lero anthu tacuruka, malo acepa, ndipo fetereza ndi wa mtengo wapatali. Kodi mlimi acite ciani tsono? Yankho lina linapezeka kwathu konkuno.

NCHITO YA ANTHU OPHUNZIRA

Pafupi ndi Chipata pali munda wa Boma woyeserapo malimidwe wochedwa Msekera. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1980 akatswiri a Boma pamodzi ndi a bungwe la ICRAF, limene likulu lace liri ku Nairobi, anayamba kuyesa mitengo yamitundumitundu pa mundawo. Mmodzi wa atsogoleri a nchitoyi anali Dr Freddie Kwesiga. Nzeru zotere za nthaka ndi mitengo ndizo zimene ana athu aphunzira pa University of Zambia ku Lusaka, imene inatsegulidwa m'caka ca 1966, ndi pa Copperbelt University ku Kitwe. Koma nzeru ya m'buku siidzaza nkhokwe ikapanda kufika m'munda, cifukwa cace tiifotokoza pano.

Mtengo umene unapambana poyamba ndiwo jelejele, uja umera m'mbali mwa madambo, umene akatswiri aucha Sesbania. Anaubzala m'munda woguga nausiya zaka ziwiri, pambuyo pace anaudula nabzalamo cimanga. M'caka coyamba cimangaco cinabereka monga matumba 100 a makilogalamu 50 pa hekitala, ndiko kuti matumba 25 pa lima imodzi. Munda wolimidwa cimanga caka ndi caka wopanda fetereza unapatsa matumba monga 6 okha pa lima. M'minda ya kumudzi zokolola sizifika pamenepo kawirikawiri, komabe alimi zikwi zambiri a m'cigawo ca Kum'mawa anaitsata njirayi ataona kusiyana kwace.

CINSINSI CIRI KUMIZU

Mukazula jelejele, kapena nshawa, mudzaona timatuza kumizu. M'timatuzamo mukhala tizilombo tating'ono tosaoneka ndi maso, timene titenga cakudya ca mbeu cochedwa nitrogen mu mpweya ndi kucipereka kwa mtengo. Ndico cakudya comweco cimene mugula m'thumba la urea. Mtengo ucisunga m'masamba ndi m'mizu, ndipo izi zikaola cakudyaco citsala m'nthaka. Mizu yace ipita pansi kwambiri, ifewetsa dothi louma kuti madzi a mvula alowe, osathamanga pamwamba ndi kukokolola nthaka. Kaufiti nayenso acepa m'munda umene conde cabwerera.

KABZALIDWE KACE

1. Konzani nazale kudimba kapena pafupi ndi citsime m'mwezi wa Okutobala kapena Novembala. Undani bedi lokwera, fesani mbeu m'timizere, ndipo muzithirira. Timatumba ta pulasitiki sitifunika.

2. Patapita masabata 6 kufikira 10, mvula itakhazikika, zulani mbande mosamala ndi kukaoka tsiku lomwelo dothi liri lonyowa. Siyani mita imodzi pakati pa mtengo ndi unzace. Lima imodzi ilowa mitengo 2,500.

3. Palirani msanga, pakuti mbande zazing'ono sizilimbana ndi udzu. Alimi ena aoka mitengoyi pakati pa cimanga caka coyamba, kuti khasu limodzi lisamale zonse ziwiri ndi kuti munda usagone wopanda phindu.

4. Pakutha pa caka caciwiri, mvula iri pafupi, dulani mitengo ndi kuisiya m'munda masiku owerengeka kuti masamba ayoyoke. Tengani nkhuni kunka nazo kunyumba, koma masamba ndi tinthambi muzikwirire m'mizere. Musatenthe ai.

Mphamvu ya mitengoyi ikhala m'nthaka zaka ziwiri kapena zitatu, icepa pang'onopang'ono. Mlimi wanzeru agawa munda wace zigawo, cigawo cina cikugona, cina cikubereka.

MITENGO INA

Amene alibe madzi a nazale angabzale ombwe, umene ena aucha mthuthu kapena ububa, uja asodzi akale anali kuphera nsomba. Mbeu yace ibzalidwa m'munda momwemo monga nyemba. Nandolo nayenso athandiza, ndiponso apatsa ndiwo. Gliricidia ndi mtengo wocokera ku Central America. Ubwino wace ndi wakuti ukadulidwa uphukanso, motero ukhala m'munda pamodzi ndi cimanga zaka zambiri, mwini angosadza nthambi ndi kukwirira masamba. Ndipo msangu mukaupeza m'munda mwanu musaudule. Uwu uyoyola masamba nthawi ya dzinja, motero suphimba mbeu, koma uzidyetsa.

CENJERANI NDI IZI

Jelejele ali ndi adani. Kacirombo kena kadya masamba ace, makamaka mbande zookedwa mocedwa. Jelejele ndi ombwe asunganso tinyongolotsi totupitsa mizu, cifukwa cace musabzale fodya kapena matimati m'munda umene mwangocotsamo mitengoyi. Dziwaninso kuti mitengo ibweza nitrogen, koma siipanga phosphorus. M'dothi losowa cakudya cimeneci fetereza wokulitsa pang'ono afunikabe.

Adani oposa onse ndiwo moto wa lupsa ndi ziweto zotayirira m'cilimwe. Mwana mmodzi wosaka mbewa angathe kupsereza nchito ya zaka ziwiri tsiku limodzi. M'zaka za m'ma 1990 mafumu akuru a Angoni ndi Acewa anaika malamulo oletsa kutentha chire ndi kulekerera ziweto m'minda ya mitengo. Koma lamulo ligwira nchito pokhapo nyakwawa ndi anthu ace agwirizana. Lambulani njira yochinga moto kuzungulira munda, ndipo nkhani ya ng'ombe ndi mbuzi muikambe pabwalo mvula isanathe.

Ena adzati zaka ziwiri n'zambiri. Akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Munda umene ukupatsani matumba 6 pa lima ulikudya mphamvu zanu cabe. Yambani ndi kacigawo kakang'ono kamene kaguga koposa, ndipo amai a pakhomo adzakondwera ndi nkhuni zapafupi cimanga cisanabwere n'komwe. Pitani kwa mlangizi wa zaulimi wa m'dera lanu tsopano lino, mumfunse kumene mungapeze mbeu, kuti nazale yanu ikonzeke mvula isanagwe.