Galimoto yogona nayonso imakalamba

Pa zonse zimene ogulitsa galimoto amalemba pansi pa chithunzi, nambala imene imagwira mtima msanga ndi ya makilomita. Chaka chimene galimotoyo inapangidwa timangochiona ndi diso limodzi, koma tikawerenga kuti yangoyenda makilomita 30,000 okha, mutu umaima, timati mwayi suposa apa.

Ndi mmene zinamuchitikira mnyamata wina wogwira ntchito pa boma la Neno. Anasunga ndalama kwa nthawi yaitali, kwinaku anatengako ngongole, kenaka anaitanitsa kuchokera ku Japan galimoto ya liwiro, Mazda RX-8 yofiira ya 2005. Inatsikira pa doko la Dar es Salaam, nkulowa m'dziko muno kudzera pa Songwe. Msonkho wa MRA unamuluma, poti galimoto ikakhala yakale msonkho wake umakwera, komabe iye sanadandaule. Mipando inali yosakhalidwa, chiwongolero chosaperepeseka, penti ikuwala. Anzake ankamuuza kuti, "Aise, iyi ndi yatsopano."

Sinali yatsopano. Inali galimoto yakale imene inathera zaka zake zambiri itangoima.

Chimanga cha m'nkhokwe, ngakhale palibe amene watapako, anankafumbwe sachileka. Galimoto nayo ili ndi zinthu zimene zimatha ndi zaka osati ndi mtunda. Mapaipi a mphira onyamula madzi ndi petulo amauma nkuyamba ming'alu. Masilo otchinga oyilo amafuna kunyowetsedwa ndi oyilo woyenda. Injini ikakhala osalira amalimba, ndipo tsiku limene mwayamba kuyendetsa galimotoyo tsiku ndi tsiku ndi pamene amayamba kudontha. Mafuta a mabuleki amayamwa chinyezi, n'chifukwa chake opanga galimoto ambiri amati azisinthidwa pakatha zaka ziwiri zilizonse, kaya galimoto yayenda kaya sinayende. Petulo wogonera m'thanki amasanduka phula lomata. Ndiye kwathu kuno petulo takhala tikumusakaniza ndi ethanol kuyambira 1982, ndipo ethanol amasungunula zonyansa zakale za m'thanki nkuzitumiza ku fyuluta ndi ku pampu.

Makaniko wa ku Mwanza amene anayamba kuiona sanatsegule nkomwe boneti. Anagwada pa tayala lakutsogolo, napukuta fumbi ndi chala, namuonetsa nambala zinayi zolembedwa m'mbali mwa tayalalo. Ziwiri zoyamba ndi sabata, ziwiri zotsiriza ndi chaka chimene tayalalo linapangidwa. Matayala onse anayi anali oyamba aja, ochokera nawo ku fakitale. Mano ake anali athunthu, koma pakati pa manowo panali timing'alu tambirimbiri, mphira itauma gwa. "Achimwene," anatero makanikoyo, "awa musapite nawo pa Zalewa ndi liwiro, adzakuphulikirani."

Vuto lalikulu linali mkati. RX-8, imene Mazda inapanga kuyambira 2003 mpaka 2012, ilibe mapistoni ngati Corolla kapena Sienta. Injini yake ndi ya rotary: chitsulo cha ngodya zitatu chimazungulira m'chipinda chake, ndipo pa ngodya iliyonse pali kachitsulo kotseka mpweya. Injini imeneyi inapangidwa kuti izidya oyilo pang'onopang'ono mwadala, izitenthetsedwa bwino ndi kuthamangitsidwa. Chimene imadana nacho kwambiri ndi maulendo aafupi, kuiliza nkuizimitsa isanatenthe. Tsopano taganizirani, galimoto imene yayenda mtunda wochepa chonchi pa zaka zonsezi inkayenda maulendo otani? Mwina aafupi omwewo, mwaye nkumaunjikana mkati. Chizindikiro chake mnyamatayo anachiona pasanathe nthawi: m'mawa inkalira bwino, koma akaizimitsa itatentha, monga poima kugula manachesi m'mbali mwa msewu, inkakana kulira mpaka izizire. Kuyeza mphamvu ya injini yotere kumafuna chipangizo chakechake, chimene magalaja ambiri alibe. Sipeya zake sungazitole pa msika wa Ndirande ngati za Toyota. N'zoitanitsa kunja, pa ndalama yakunja, ndipo kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 kachitsulo kakang'ono kanasanduka malipiro a mwezi.

Palinso funso limene ogula ambiri safuna kulimva: kodi nambalayo ndi yoona? Makilomita amabwezedwa, ngakhale pa galimoto za nambala zamagetsi. Ku Japan galimoto imayesedwa ndi boma ikatha zaka zitatu, kenaka pakatha zaka ziwiri zilizonse, ndipo makilomita a pa kuyesako amalembedwa pa chikalata chotulutsira galimoto m'dzikomo. Wogula amene wapempha chikalatachi, pamodzi ndi pepala la ku okushoni, amatha kuyerekeza yekha. Nambala ikakhala yabodza, mwagula galimoto yotopa pa mtengo wa yatsopano. Ikakhala yoona, mwagula galimoto yogona. Konsekonse muyenera kukhala ndi ndalama ina pambali yosinthira matayala, mapaipi, malamba, batire ndi mafuta onse musanayende ulendo wautali.

Ndipo ngakhale zonsezi zitakonzedwa, Neno ikadali Neno. Chichokereni ku Mwanza mu 2003 kukhala boma palokha, anthu a kuno akhala akudikira msewu wa Tsangano, Neno mpaka Mwanza, malonjezo a phula akubwerezedwa chisankho ndi chisankho. Sichachabe kuti ambulansi za chipatala ndi galimoto za Abwenzi Pa Za Umoyo, amene akugwira ntchito m'bomali kuyambira 2007, zimakhala ma Land Cruiser. Amene anakwerapo mapiri opita kwa Dambe nthawi ya mvula amadziwa chifukwa chake. Galimoto ya liwiro mimba yake imakhala pafupi ndi nthaka, moti chikhatho chimodzi choimika chimangokwana pansi pake. Ya mnyamata uja inasiya bampala pa chigwembe china mvula yoyamba itagwa, ndipo mwala unaphwanya paipi ya oyilo. Anaikoka ndi lole ya mbatata.

Sindikunyoza kukhumba chinthu chokongola. Munthu wagwira ntchito, ali ndi ufulu wosangalatsa mtima wake, ndipo galimoto zimenezi n'zokoma kuyendetsa pa phula labwino. Chimene chimandiwawa ndi kuona ndalama za thukuta, zokwanira kumalizitsa nyumba, zikuthera pa nambala imodzi yomwe wogula sanaifunse mafunso. Mnyamatayo akubwezabe ngongole, ndipo ku ntchito akupita pa kabaza.

Inu amene mwaiona kale yanu pa foni ndipo mtima wayamba kudumpha, musanatumize ndalama pemphani zikalata za makilomita, funsani chaka cha matayala, pezani kaye makaniko amene injini yoteroyo anaitsegulapo, kenaka yendani pansi kuchokera pa msewu waukulu kufika pakhomo panu mukuyang'ana miyala imene galimotoyo idzadutsepo.