SHELENI IMODZI PA NCHITO IMODZI

Gulu liri lonse la ana limene lifuna kucita zinthu zabwino limakomana ndi bvuto limodzi, ndilo la ndarama. Osewera afuna mpira, osoka afuna singano ndi nsaru, olima afuna mbeu ndi makasu. Koma mwini sitoro sapereka katundu wace kwaulere. Nanga ana, amene salandira malipiro pa kutha kwa mwezi, angazipeze kuti ndaramazo? Ena angayankhe kuti, "Tiyeni tikapemphe kwa anthu olemera." M'phunziro lino tiwerenga za anyamata a ku Britain amene anapeza njira ina.

M'mwezi wa August, caka ca 1907, mkulu wina wa asilikari, dzina lace Robert Baden-Powell, anatenga anyamata ngati 20 napita nao pa kacisumbu ka Brownsea, kumwera kwa England. Kumeneko anagona m'mahema, naphunzira kukoleza moto, kumanga mfundo za zingwe, kulondola mapazi a nyama ndi kuthandiza munthu wobvulala. Caka cotsatira Baden-Powell anaturutsa buku lochedwa Scouting for Boys, ndipo anyamata ambiri ataliwerenga anayamba magulu ao m'mizinda ndi m'midzi. Umu ndimo cinayambira cigwirizano ca Masikauti, cimene cinafika m'maiko ambiri, ngakhale kuno kwathu ku Zambia. Atsikana naonso anayamba cigwirizano cao, ca Magaidi, m'caka ca 1910.

Magulu amenewa anasowa mahema, miphika, zingwe ndi nyumba zosonkhaniramo. Komabe Baden-Powell sanafune kuti anyamata ace azipemphapempha. Iye anaphunzitsa kuti ndarama za gulu azizipeza ndi manja ao, pakuti mwana wozolowera kutambasula dzanja amakula ali wodalira ena.

M'caka ca 1914 ciphunzitso cimeneci cinayesedwa. Arthur Pearson, amene anasindikiza buku lija la Baden-Powell, anali atacita khungu, ndipo anali kusonkhanitsa ndarama zopangira mabuku a akhungu, aja a timadontho totukuka towerenga ndi zala. Masikauti anapatula tsiku limodzi, nayenda kufuna maganyu, ndipo zonse zimene analandira anazipereka ku nchito ya mabukuwo.

Patapita zaka 35, m'caka ca 1949, atsogoleri a Masikauti ku Britain anakhazikitsa mlungu wathunthu wa nchito zotere, pa nyengo ya Pasaka. Mlunguwo anaucha Bob-a-Job, ndiko kunena kuti sheleni imodzi pa nchito imodzi, popeza "bob" linali dzina loseleula la sheleni. Sheleni inali makobiri 12, ndipo masheleni 20 anali paundi imodzi. Agogo anu aikumbukira ndarama imeneyi, cifukwa inali kuyenda kunonso kufikira caka ca 1968, pamene kwacha ndi ngwee zinalowa m'malo mwace. Pa kusinthapo sheleni imodzi inalingana ndi ngwee 10.

Mlungu umenewo ukafika, mnyamata anabvala zobvala zace za Usikauti, natenga khadi, nagogoda pa makomo a anthu. Pena anampatsa nsapato kuti apukute, pena galimoto kuti atsuke, pena anamtuma ku sitoro kapena kumuonetsa maudzu a m'dimba kuti azule. Nchito ikatha, mwini nyumba anapereka sheleni, nalemba pa khadipo ndarama imene wapereka, nasainapo dzina lace. Kenaka analandira kapepala komata pa zenera, kuti anyamata ena adziwe kuti pakhomo pamenepo pagwiridwa kale nchito.

Taganizani tsono za mnyamata amene wagwira nchito tsiku lonse, manja ace ali matuza okhaokha, ndipo pobwerera adutsa pa sitoro ya maswiti, masheleni atatu ali kulira m'thumba. Ndaramazo wazikhetsera thukuta yekha, koma si zace ai, nza gulu. Apa mpamene panali mayeso eni eni a mlunguwo. Khadi lija linamthandiza kukhala wokhulupirika, pakuti mtsogoleri anawerenga ndarama nazilinganiza ndi zolembedwazo. Gawo lina la ndarama linatumizidwa ku likulu la cigwirizano, ndipo lotsala linagula zosowa za gulu lomwelo.

Sheleni imodzi ioneka yocepa, koma pang'ono pang'ono ndi mtolo. Tiyerekeze kuti m'gulu muli anyamata 24, ndipo ali yense agwira nchito 5 pa mlunguwo. Nchito zonse pamodzi zikwana 120, ndiwo masheleni 120, kapena kuti mapaundi 6. Mnyamata mmodzi payekha akadagwira nchito milungu 24 kuti apeze zomwezo.

Tisasokoneze nchito ya mlungu umenewu ndi nchito ya cifundo. Msikauti amaphunzitsidwa kucitira munthu wina cabwino tsiku ndi tsiku osayembekeza mphotho. Cotero akatungira madzi nkhalamba yosauka, kapena kuthyolera nkhuni munthu wodwala, salandirapo kanthu. Sheleni inafunsidwa kwa okhawo amene anali nayo.

Mwambowu unasintha m'kupita kwa zaka. Sheleni inaleka kuwerengedwa ku Britain pamene anasintha ndarama zao m'caka ca 1971, ndipo dzina la mlunguwo linasinthidwanso pa nyengo yomweyo. M'caka ca 1992 kuyenda khomo ndi khomo kunalekeka, makamaka cifukwa akuluakulu anaopa kuti mwana angaone zoipa pa nyumba ya munthu wosamdziwa. Ici cikhale cenjezo kwa ifenso: pofuna ganyu ya gulu tiziyenda awiri kapena atatu, kwa anthu odziwika, aphunzitsi ndi makolo atabvomereza.

Nzeru yogwirira nchito pamodzi si yacilendo kwa ife. Makolo athu adziwa dima, pamene mudzi wonse usonkhana ndi makasu m'munda mwa munthu mmodzi, ndipo munda umene ukadamtengera masiku ambiri utha dzuwa lisanapendeke. Gulu la pa sukulu lingathe kupalira munda wa munthu, kuumba njerwa, kuweta nkhuku, kapena kulima ndiwo zamasamba ndi kukagulitsa ku msika.

Pocita zimenezi tisunge malamulo atatu. Loyamba, tiuze anthu poyera cimene tifuna kugula ndi mtengo wace. Laciwiri, ngwee iri yonse ilembedwe m'buku, ndipo ndarama ziwerengedwe pamaso pa anthu awiri kapena atatu, osati mmodzi yekha. Lacitatu, cinthuco cikagulidwa, tiitane onse amene anathandiza kuti adzacione, ndi kuwathokoza. Gulu limene lidya ndarama za anthu kamodzi silidzapatsidwanso. Ndipo ana obwera pambuyo adzabvutika cifukwa ca mbiri yoipayo.

Opereka naonso sataya kanthu. Mai amene wapereka lichero la nshawa, kapena bambo amene wabwereketsa ngolo yace, ali kuthandiza kulera ana amene mawa adzakhala aphunzitsi, alimi ndi anamwino a mudzi womwewo. Ncifukwa cace akulu anati kupatsa nkuika.

MAFUNSO

1. Kodi Baden-Powell anakaniranji kuti anyamata ace azipemphapempha?
2. Ndarama zimene Masikauti anapeza m'caka ca 1914 zinagwira nchito yanji?
3. Khadi limene mnyamata ananyamula linali ndi phindu lanji?
4. Anyamata 30 atagwira nchito 4 ali yense, angapeze mapaundi angati?
5. Fotokozani tanthauzo la mwambi wakuti "Kupatsa nkuika."

ZOCITA

Kambiranani ndi aphunzitsi anu cinthu cimodzi cimene gulu lanu lisowa. Funsani mtengo wace, ndipo lembani nchito zitatu zimene mungagwire kuti mucigule.