Mudayang'anapo Kuphazi kwa Agogo?

Anzanga, mwezi wa Juni agogo anga anapsa chala chakuphazi akuwotha moto, koma sanamve kanthu. Ndinatulukira ndine patapita masiku awiri nditaona thuza. Nditawafunsa anangoti, "Iwe, ndapsa liti ine?" Nkhani ya sabata ino yachokera pamenepo.

Phazi limodzi lili ndi mafupa 26, ndipo pansi pake, makamaka kuchidendene, pali mafuta amene amakhala ngati nkhata yotetezera mafupawo. Munthu akamakalamba nkhata imeneyi imaphwa. N'chifukwa chake agogo amadandaula akaponda timiyala tomwe ife timathamangapo popanda vuto. Si ulesi ayi. Khungu nalo limauma n'kuchita zikang'a, zikhadabo zimakhuthala, ndipo ena zala zimapindika ndi nyamakazi.

Koma choopsa kwenikweni si ululu, ndi dzanzi. Minyewa yotumiza uthenga kuchokera kuphazi kupita ku ubongo, ija tinaphunzira mu Bayoloje, imafooka ndi ukalamba, ndipo matenda a shuga amaiwononga kwambiri. Munga ukalasa, uthenga sufika. Magazinso amayenda movutikira kumapazi chifukwa ndi kutali ndi mtima, ndiye kabala kakang'ono kamachedwa kupola. Agogo amapitiriza kupita kudimba akupondera pabala lomwelo, mpaka limasanduka chilonda chonyeka. Ena amafika podulidwa chala kapena mwendo, chiyambi chake chili munga basi.

Vuto linanso ndi loti iwo sangawerame bwino, maso nawo akuchita chidima. Kuphazi kwawo sakuonako. Ife ndi amene tingaone.

Madzulo mukawapititsira madzi, yambani mwawayesa ndi chigongono chanu, chifukwa iwo sangadziwe kuti atentha. Yang'anani pansi pa phazi ndi pakati pa zala ngati pali bala, thuza kapena thekenya. Pukutani bwino, adzozeni Vaseline kuchidendene koma osati pakati pa zala, pamenepo pamafunika pouma. Zomachekera zikang'a ndi lezala zija, chonde tisiye. Nsapato zawo muzikutumula asanavale, mumabisala timiyala.

Bala likatupa, likayamba kununkha, kapena likatha masiku osasintha, musadikire. Apititseni kuchipatala ndipo mukapemphe kuti akawayezenso shuga. Agogo anga anawapeza nayo tsiku lomwelo. Pano akawotha moto, ndimawakhazika patali pang'ono, ngakhale amanditcha wamwano.