Kompyuta Ikayamba Kutola Makalata a Eni Ake

M'midzi yambiri ya ku Dowa ndi ku Ntchisi, makalata ankafikira pa sukulu ya pulayimale. Aphunzitsi ankaitana mayina, mwana aliyense n'kutenga kalata ya kwawo. Ya ena ankaisiya.

Makompyuta amachitanso chimodzimodzi. Uthenga ukamachoka pa foni kapena pa kompyuta suyenda wathunthu. Umadulidwa m'tizidutswa totchedwa mapaketi, ndipo paketi iliyonse imanyamula adiresi ya wotumiza ndi ya wolandira. M'kati mwa kompyuta muli kachipangizo kolumikizira ku netiweki. Kali ndi adiresi yakeyake yotchedwa MAC, ya manambala ndi zilembo 12. Paketi ikafika, kachipangizoka kamayang'ana adiresi. Ikakhala yake, kapena yopita kwa onse, kamailandira. Ikakhala ya wina, kamaitaya.

Koma katswiri angathe kukalamula kuti kasiye kusankha. Apa amati kalowa mu promiscuous mode. Paketi iliyonse yofika pa waya wake, kaya ndi ya yani, kamaitola n'kuipereka ku pulogalamu yoti iwerenge. Pulogalamu yodziwika pa ntchitoyi ndi Wireshark, imene Gerald Combs anaiyambitsa mu 1998 ndi dzina loti Ethereal. Ukaitsegula, mizera yamitundumitundu imatsika pa sikirini mosalekeza. Mzera uliwonse ndi paketi imodzi, ndipo umasonyeza nthawi, kumene yachokera ndi kumene ikupita.

Ntchitoyi ndi yofunika. Taganizani za ku Dzaleka, msasa wa anthu othawa kwawo umene unatsegulidwa mu 1994 m'boma la Dowa. Kumeneko achinyamata amaphunzira za makompyuta, ndipo makina ambiri amagawana intaneti imodzi. Ikayamba kuchedwa, aliyense amaloza mnzake chala. Katswiri saloza munthu. Amayang'ana mapaketi, n'kuona kompyuta imene ikutumiza zinthu zambirimbiri mosalekeza, mwina chifukwa yagwidwa ndi vairasi.

Musaganize kuti wotola mapaketi amaona zonse. Masiku ano makompyuta ambiri amalumikizidwa kudzera pa kabokosi kotchedwa switch, kamene kamatumiza paketi pa waya wa mwini wake yekha. Kuti katswiri aone za ena, ayenera kukonza kabokosiko kuti kazimutumizira kope. Pa Wi-Fi m'pamene pamafunika kusamala, chifukwa uthenga umayenda mumlengalenga. Wi-Fi yopanda nambala yachinsinsi, munthu wokhala pafupi angathe kuitchera khutu.

Choncho musanalembe nambala yanu yachinsinsi pa tsamba la pa intaneti, onani ngati adiresi ya tsambalo yayamba ndi https. Ikatero, uthenga wanu umayenda utabisidwa. Wotola paketi angadziwe kumene ikupita, koma mawu a m'kati sangawawerenge.

Kutola uthenga wa anthu popanda chilolezo ndi mlandu pansi pa lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016. Wophunzira aziyesera pa makompyuta ake, kapena pamene mwini netiweki wamulola.